Dzira Pakati pa Mkombero

A Chidodo anayamba kunyamula mazira pa njinga yamoto tsitsi lawo likadali bii, ndipo lero imvi zafika m'ndevu akunyamulabe. M'mawa uliwonse amalawirira ku makola a nkhuku kunja kwa tauni, n'kusanja mathireyi pa kaliyala mpaka mulu kuwapitirira mutu, n'kumanga ndi malegeni mopingasa. Akatero amayamba kugawa m'magolosale, m'malo odyera ndi kwa amayi ophika makeke. Dzinali anawapatsa ndi anyamata a kabaza, poti pamsewu palibe amene sawapitirira. Akuti tsiku lina anapitiriridwa ndi munthu wokankha wilibala, ndipo nkhani imeneyo sinazizirebe. Eni ake siziwakhudza. Amangoti kuthamanga si kufika, kenako n'kukufunsa ngati unamvapo kuti Chidodo waswa dzira. Zaka zonsezo palibe wa golosale amene akanayankha kuti anamvapo.

Kayendetsedwe kawo umakazindikira uli patali. Maso amakhala pansi, kufufuza maenje ndi timiyala ngati munthu amene wataya singano. Buleki yakutsogolo saikonda chifukwa imagwedeza katundu. Yawo ndi yakumbuyo, ya phazi lamanja, imene amaiponda mofatsa moti wokwera sangadziwe kuti njinga yayamba kuima. Ndipo njinga ikangopendekeka pang'ono, phazi limatsika lokha kukagwira pansi. Limeneli ndilo linali lamulo lawo, ndipo ankaliuza wofuna kumva ndi wosafuna yemwe: "Ukakayika, ponda pansi."

Mulungu ali ndi nthabwala zake. Munthu wodekha chonchi anamupatsa mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene sankadziwa kuyenda koma kuthamanga. Amayi ake, amene amasoka zovala pakhonde, anamutcha Kamvuluvulu chifukwa akadutsa, tizidutswa ta nsalu tinkauluka pa tebulo. Chitseko sankatseka, ankamenyetsa. Akaseka chikhakhali, aneba a kuseri ankafunsa kuti kwagwanji. Ali wamng'ono ankakhala pathanki, patsogolo pa bambo ake, atagwira chiwongolero pakati. Atasinkhuka anamuphunzitsa kuyendetsa m'kanjira ka kuseri kwa nyumba, iwo akuthamanga pambali atagwira kaliyala, akubwereza lamulo lija mpaka mwana kumaliimba ngati nyimbo. Mmera m'poyamba, ankatero a Chidodo modzitama.

Atamaliza sukulu, Kamvuluvulu anayamba ntchito pagalaja ya Makaniko, bambo wachinyamata wamtali amene dzino lake limodzi lakutsogolo linatsalira pakonkire kalekale. Lamlungu lililonse masana Makaniko ankasonkhanitsa anzake pabwalo la konkire kuseri kwa nyumba yakale yosungiramo katundu. Kumeneko ankaphunzira kusewera ndi njinga: kuidzutsa kuti iyende ndi tayala lakumbuyo lokha, kuimirira pa chishalo, ndi zina zoti kholo likaona limatseka maso. Eni masitolo atsopano ndi okonza zionetsero ankawaitana kukasangalatsa anthu. Kamvuluvulu zinamulowa m'magazi. Anadzimangira njinga yakeyake kuchokera ku zotsala za pagalaja, ndipo pasanapite nthawi ankaposa anyamata ambiri.

"Amene anapanga njinga anaika matayala awiri, ndipo sanali wopusa," a Chidodo ankamuuza. "Iwe ndiye wanzeru kuposa iye?"

"Adadi, mudzangobwera kamodzi kokha mudzaone."

"Ndikaonerere mwana wanga akudzivulaza? Zimenezo ayi."

Sanapiteko. Ndipo poti chakudza sichiimba ng'oma, Lamlungu lina akutsuka njinga yawo pabwalo analandira foni yoti athamangire kuchipatala. Kamvuluvulu anali atagwa chagada, njinga n'kumugwera pamwendo. Ankaphunzira chimene anzakewo amachitcha mkombero, kuzungulira malo amodzi njinga ili chiimire pa tayala limodzi. Tsiku limenelo ndi lokhalo limene anyamata a kabaza anaona a Chidodo akupitirira magalimoto.

Fupa linalumikizana. Chikhakha anachotsa, ndodo anabweza, ndipo kutsimphina kunatha. Koma mtsikana amene anatsala m'nyumbamo anali wina. Ankadzuka n'kukhala pa mpando pambali pa mashini a amayi ake, kumasokerera mabatani ndi kupinda m'munsi mwa masiketi mpaka dzuwa kulowa. Kugalaja sanabwerere. Njinga ikadutsa mumsewu ankaweramira pa nsalu. Yake ija anaiphimba ndi lona pakona ya khonde, ndipo ankailambalala ngati pali njoka. Akafunsidwa kuti chinachitika n'chiyani tsiku lija, ankangoti sakudziwa, inangomutaya.

Amayi ake anayamika Mulungu kuti mwana wakhala pansi. A Chidodo nawonso anayenera kukondwa, poti zimene ankanena zija zinali zitachitika ndipo mlandu anali atawina. Koma sanakondwe ngakhale pang'ono. Akabwera madzulo ankapeza nyumba ili zii, chitseko chikutsekedwa mwaulemu, ndipo mtima unkawawawa. Anayamba kulakalaka phokoso lomwe lija limene ankalikalipira.

"Mwanayu mwendo wapola," anauza akazi awo tsiku lina akumasula malegeni, "koma mwini wake sanabwereko kuchipatala kuja."

"Musandiyambe," anatero mayiwo, osadzutsa mutu pa mashini. "Bola wachete wamoyo."

Kenako Kamvuluvulu anawauza yekha kuti akagulitse njingayo, yangodzaza malo. Ananena mopanda mkwiyo ndi mopanda chisoni, ndipo zimenezo ndi zomwe zinawaopsa a Chidodo. Lamlungu lotsatira anavundukula lona, napopa matayala, nailiza, ulendo wa kwa Makaniko kuti awapezere wogula. Njingayo inali yachilendo m'manja mwawo. Thanki inali yophwanyidwa dala pamwamba, m'mbali mwa injini munali zitsulo zotchinjiriza, ndipo sipuloketi yakumbuyo, kachitsulo ka mano kokokedwa ndi tcheni, inali yaikulu ngati mbale, moti ukangothira moto pang'ono mutu unkafuna kudzuka.

Aka kanali koyamba kufika pabwalo lija. Konkire yonse inali mizeremizere yakuda ya matayala, ndipo m'mbali munali makireti ogadabuza amene anyamata ankakhalira. A Chidodo anayembekeza liwiro ndi utsi. Koma pakati pa bwalo anapeza Makaniko ali pa mkombero, tayala lakutsogolo lili m'mwamba, njinga ikuzungulira pang'onopang'ono moti munthu woyenda pansi akanaipitirira. Injini sinkakuwa, inkangong'ung'udza. Anaima pakamwa pali yasa mpaka Makaniko anatsitsa tayala n'kubwera kudzawapatsa moni.

"Kodi zimenezi n'zapang'onopang'ono chonchi?"

"Wothamanga sangazungulire, madala. Apa pamafunika phazi lofewa pa buleki ndi mtima wodekha. Mwana wanu anali nazo zonse."

"Nanga chinamugwetsa n'chiyani?"

Makaniko anagwetsa nkhope. "Ndinali nditatembenuka kuyankha foni. Ndinangomva phii. Anzakewa anaona njinga ili kale pamwamba pake."

A Chidodo anayang'ana njinga imene anabwera kudzagulitsa, nayang'ananso mizere yakuda ija. Kenako anamva pakamwa pawo pakunena zimene mutu sunakonzekere. "Ndiphunzitse."

Anyamata a pamakireti anagwa nako kuseka. Makaniko sanaseke. "Galu wamkota sakandira pachabe," anatero. "Mukufuna chiyani kwenikweni, madala?"

"Ndikufuna ndichione ndekha chimene chinanditengera mwana."

Phunziro loyamba linali lotopetsa ndipo linatenga Malamlungu ambiri. Kugwira kilatchi, kuthira moto pang'ono, kuisiya msanga kuti tayala lidzuke kutalika kwa chikhato, kenako kuponda buleki yakumbuyo kuti ligwenso. Makaniko ankati buleki imeneyo ndiyo moyo wa munthu, chifukwa njinga ikadzuka mopitirira palibe china chimene chingaibweze kutsogolo. Pamenepa a Chidodo anadabwitsa onse. Anyamata ambiri amaiponda ngati akupha chinkhanira, tayala n'kumenya pansi mano kugundana. Iwo ankalitsitsa ngati akutula thireyi pa tebulo. Chimene chinkawavuta chinali mantha. Pali malo ena m'mwambamo pamene njinga imapepuka mwadzidzidzi, osagwera kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo munthu amamva ngati m'mimba mwatsalira pansi. Makaniko ankati pamenepo ndiye pakhomo, munthu aphunzire kukhalapo. A Chidodo ankangosuzumirapo n'kuthawa.

Kunyumba ankanena kuti wogula sanapezeke. Koma munthu sungabise bondo kwa telala. Mathalauza anayamba kubwera obooka, ndipo mayi a Kamvuluvulu atasoka chigamba chachitatu anaika sizasi pansi.

"Kodi mazira anu masiku ano akumaluma maondo?"

A Chidodo anayesa kunena za mchenga wa pakona, koma bodza silinali ntchito yawo, ndipo anaulula zonse.

"Ndinagona pa simenti ya chipatala kudikirira mmodzi," mayiwo anatero. "Mukufuna ndikagonenso kudikirira nkhalamba? Mwanayu wangopulumuka kumene, inu mukukamuitanira zomwezo pakhomo."

"Sindikumuitanira kanthu. Ndikungofuna kudziwa."

"Mudziwe kuti mukathyoka, mukadzidyetsa nokha."

Kamvuluvulu anamva zonsezo ali pa mpando wake. Koma Lamlungu m'mawa, bambo ake akutulutsa njinga ija, analankhula maso ali pa batani limene ankasoka.

"Tayala lakumbuyo mwalipopa kwambiri. Phwetsani pang'ono kuti lizigwira pansi."

Awa anali malangizo ake oyamba okhudza njinga chibwerere kuchipatala. A Chidodo anagwada naphwetsa tayala, nkhope ataibisa kuseri kwa chishalo kuti mwana asaone kuti akumwetulira.

Mvula inabwera, inatha. A Chidodo anaphunzira kukhala pakhomo paja, kuyenda ndi tayala limodzi kuchoka kumapeto a bwalo kukafika kumapeto ena. Anyamata analeka kuseka n'kuyamba kuwasungira kireti yabwino. Mayi a Kamvuluvulu anasokerera siponji m'maondo a thalauza lakale ndi kumsana kwa jekete, n'kuwaponyera pamwendo. "Musaganize kuti ndavomereza," anatero. "Ndatopa ndi zigamba."

Koma mkombero unakana. Makaniko anawayambitsa kukhotera kumanzere. Njinga inkadzuka bwinobwino, n'kuyamba kukhota, koma ikangopendekera mkati phazi lamanzere linkatsika kukagwira konkire, tayala n'kugwa. Sankavulala, koma sankapitanso patsogolo. Theka la mkombero, phazi pansi. Theka, phazi pansi. Madzulo ankafotokozera akazi awo mokweza dala, ndipo ankaona singano ya mwana wawo itaima m'malere.

Lamlungu lina Kamvuluvulu anavala nsapato zake. "Ndikupita nawo," anauza amayi ake. "Andiphera njinga anthuwa." Anakana kukwera, anayenda wapansi. Atafika pabwalo anzake anamuthamangira, koma iye anangowagwira chanza n'kukakhala pa kireti ya kutali, manja atapinda.

Tsiku limenelo Makaniko anaganiza zosintha. "Anthu ena thupi lawo limakonda kumanja, madala. Tayesani kukhotera uku." A Chidodo anadzutsa njinga, naikhoteza kumanja. Inayenda bwino, kenako inapendekera mkati monga mwa nthawi zonse. Chotsatira anangoona mitambo. Njinga inadzuka yonse, iwo anagwa chagada pa siponji ya akazi awo, ndipo chitsulo chotchinjiriza chinamenya konkire pafupi ndi nthiti zawo.

Atatsegula maso anaona nkhope ya mwana wawo pamwamba pawo. Maso ake anali akuthwa ngati kale.

"Mwachotseranji phazi pa buleki?"

"Sindinachotse."

"Mwachotsa, Adadi. Ndaona. Itangopendekera mkati mwafuna kuponda pansi. Kumanzere mumaponda ndi phazi lopanda ntchito, n'chifukwa chake simumagwa. Kumanja phazi lamkati ndi la buleki." Kenako ananena motsitsa, ngati akudziuza yekha. "Ukakayika, ponda pansi. Inenso tsiku lija linali loyamba kuyesa kumanja."

A Chidodo anakhala tsonga pakonkirepo. Msana unkawawa, koma ululu umenewo unali wamasewera poyerekeza ndi umene unawalowa mumtima. Anakumbukira kanjira ka kuseri kwa nyumba, kamwana kakuimba lamulo lawo, iwo akuthamanga pambali monyadira. Miyezi yonseyi ankaimba mlandu Makaniko, anyamata, ngakhale wopanga sipuloketi. Chimene chinathyola mwendo wa mwana wawo anali atachibzala okha, ndi chikondi chomwe.

"Ndiye kuti ndinakugwetsa ndine, mayi," anatero.

"Ayi, Adadi. Pamsewu ndi mazira lamulo lanu n'labwino. Kuno lokha ndiye n'lakupha." Anakhala pansi pambali pawo, napuma mozama. "Nthawi yonseyi ndimaganiza kuti inangonditaya popanda chifukwa. Chinthu chotaya munthu popanda chifukwa ungachikwerenso bwanji? Usiku ndimalota ikundinyamula, ine osalakwa kanthu. Kani linali phazi."

Sanakwere tsiku limenelo, ndipo bambo ake sanamuuze kuti akwere. Koma kuyambira pamenepo kireti yake inasendera pafupi, ndipo Makaniko, amene sanali wopusa, anayamba kumapeza zochita kumapeto ena a bwalo.

Kamvuluvulu anali mphunzitsi waukali. Anawabweza bambo ake pa matayala awiri, kumazungulira kumanja pang'onopang'ono phazi lili pa buleki, iye akuyenda pambali ndi kamtengo kogogodera bondo likangosuntha. Anawauza kuti njinga ikagwera mkati mankhwala ake si phazi koma moto pang'ono, umene umaidzutsa, ndipo ikadzuka mopitirira mankhwala ake ndi buleki. A Chidodo ankamva zonsezo, mutu unkavomera, koma tayala likangokwera m'mwamba phazi linkayambanso kuyabwa. Kawiri konse analumpha n'kuisiya njinga ikugwa yokha.

"Vuto si phazi," mtsikanayo anatero tsiku lina atawayang'anitsitsa. "Ndi maso. Mumayang'ana pansi, ndiye phazi limatsata kumene maso apita. Muziyang'ana pakati pa mkombero. Mutu ukatembenuka, phewa limatsata, chiuno chimatsata, njinga imatsata."

"Munthu ndayang'ana pansi moyo wanga wonse. Pansi ndi pamene pali maenje."

"Pano palibe dzenje."

"Maso anga sadziwa zimenezo."

Kamvuluvulu anaika tayala lakutha pakati pa bwalo kuti aziliyang'ana. Sizinathandize. Anaika botolo, kenako chipewa chofiira cha mnyamata wina. Anayesa kukuwa, mpaka mawu anasasa. A Chidodo ankayang'ana chinthucho poyamba, koma njinga ikangopendekeka maso ankathawira pakonkire pafupi ndi phazi. Anyamata anayamba kunong'onezana kuti mtengo wokalamba suwongoka, ndipo eni akenso anayamba kugwa mphwayi.

Lamlungu lotsatira Kamvuluvulu anatuluka m'khitchini dzanja lili m'thumba. Amayi ake anapereka chikwama cha zovala zotchinjiriza kwa amuna awo, ndipo a Chidodo anamva kuti chalemera kuposa masiku onse, koma sanafunse. Atafika pabwalo, mtsikanayo anagubuduza mgolo wopanda kanthu mpaka pakati, nauimika. Pamwamba pake anaika chitsekerero cha botolo, ndipo pa chitsekererocho anakhazika dzira.

"Chotsa icho," a Chidodo anatero msanga. "Kuli mphepo. Ligwa."

"Likagwa ndi inu, Adadi. Ine ndalisiya m'manja mwanu."

"Dzira saliika potero, mwana iwe."

"Ndiye muziliyang'anira."

A Chidodo anakwera akung'ung'udza. Anagwira kilatchi, nathira moto, tayala linadzuka. Koma maso sanapite pakonkire. Sakanatha. Panali dzira lokhala pa kanthu kakang'ono, pamalo okwera, popanda wolisamala, ndipo munthu amene ananyamula mazira moyo wake wonse sakanayang'ana kwina. Mutu unatembenukira ku mgolo, phewa linatsata, ndipo anamva njinga ikukhota yokha pansi pawo. Inapendekera mkati. Phazi linafuna kutsika, koma posadziwa pamene pali pansi linakhala pomwe linali, ndipo dzanja linathira moto pang'ono. Njinga inadzuka. Inafuna kupitirira, phazi linasisita buleki, inabwerera pakhomo paja. Kumbuyo kwa dzira kunadutsa khoma la nyumba yosungiramo katundu, kenako makireti, kenako mpanda, kenako khoma lomwe lija. Anapitirizabe mpaka khomalo linabweranso, ndipo pamenepo anatsitsa tayala mofatsa.

Anyamata anaimba malikhweru ndi kumenya makireti. Makaniko anaseka mpaka mpata wa dzino lija unaonekera kutali. A Chidodo sanamve zambiri. Ankayang'ana mwana wawo, amene anaima manja ali pakamwa, mapazi akupondaponda pansi ngati mmene ankachitira ali wamng'ono akafuna kukwezedwa pathanki.

Anatsika, koma injini sanazimitse. Anatsegula chikwama kuti atenge kansalu kopukutira thukuta, ndipo pansi pake anapeza chimene chinkalemera chija. Inali jekete ya Kamvuluvulu, yochapidwa, pamene inang'ambika pa tsiku la ngozi patasokedwa bwinobwino, ndipo kumsana kuli siponji yatsopano yochindikala kuposa yawo. Anaitulutsa naiyanika pa chishalo.

"Amayi ako atumiza ichi," anatero. "Usaganize kuti avomereza."

Kamvuluvulu anaigwira jeketeyo nthawi yaitali. "Adadi, ndikuopa."

"Inenso ndimaopa Lamlungu lililonse. Sindikukukakamiza, mayi. Ukafuna, tizimitsa tizipita kunyumba." Anapita pa mgolo, natenga dzira lija, nagubuduzira mgolowo kumbali, n'kuima iwo pakati pa mizere yakuda. "Koma ukafuna kuyesa, ndili pano. Usayang'ane pansi. Zija ndinakuphunzitsa uzisiye kumsewu. Ukakayika, uziyang'ana ine."

Pabwalo panali zii, kupatula injini imene inkang'ung'udza. Mtsikanayo anavala jekete, namanga chipewa cholimba cha panjinga, nakweza mwendo umene unathyoka uja pamwamba pa chishalo. Anayamba ndi matayala awiri, kuzungulira bambo ake pang'onopang'ono kuposa mmene a Chidodo amayendera ndi katundu wodzaza, ndipo palibe anaseka. Kenako anapita kumapeto a bwalo, nadzutsa tayala pang'ono, nalitsitsa. Anadzutsanso, mokwererapo, nalitsitsa. Anachita zimenezo mpaka mapewa ake anamasuka. Ndiyeno anabwera molunjika, nadzutsa njinga yonse, nakhotera kumanja.

A Chidodo ankatembenuka naye, dzira lili m'dzanja. M'kati mwa chipewa ankaona maso a mwana wawo ali pa iwo, osaphethira. Njinga inapendekera mkati. Anaona bondo lamanja likugwedezeka, chidendene chikunyamuka pang'ono. Phazi silinatsike. Injini inalira pang'ono, njinga inadzuka, n'kupitiriza ulendo wake wozungulira. Sunali mkombero wokongola, unali wokhotakhota ngati wojambulidwa ndi mwana wa sukulu, koma unatsekeka. Tayala litagwa pansi, Kamvuluvulu anaima patsogolo pawo penipeni, navula chipewa, nkhope itanyowa ndi thukuta ndi misozi.

Anafuna kunena kanthu, koma maso ake anatsikira pa dzanja la bambo ake. A Chidodo nawonso anayang'ana. Chibakera chinali chofumbatidwa zolimba, ndipo pakati pa zala pankatuluka zachikasu, zikuyenderera pamkono mpaka kudontha pa nsapato.

"Adadi," anatero Kamvuluvulu, "mwaswa dzira."

Kenako chinaphulika chikhakhali chija, chonse, chimene chinasowa m'nyumba mwawo chichokere ku chipatala. Anaseka atawerama pathanki, anaseka mpaka kutsokomola, anyamata n'kulowererapo. A Chidodo anaima pakatipo dzanja lili nyaa, mbiri ya zaka zonse ija itathera pa nsapato, ndipo sanayese n'komwe kupukuta.

"Seka, mayi," anatero. "Ndipo ukafika kunyumba ukawauze amayi ako mokweza, aneba amve."